Makina a Braille ndi Moto Wake: Mawu a Mmisiri

Ntchito imene manja anga anaizolowera kuyambira unyamata ndiyo yokonza mawailesi ndi mawotchi, ndipo ndinayamba kugwira makina a anthu osaona pamene aphunzitsi ena, posowa kotengera makina awo amene mabatani ake anali atauma ndi fumbi, anandipempha kuti ndiyesepo nzeru zanga. Kuyambira pamenepo, mbiri ikuyenda pakamwa monga imayendera kwathu kuno, patebulo panga pakhala pakufika makina a braille akale ndi amakono, ochokera kumtunda ndi kuchigwa komwe. Tsono chimene ndachiona m'zaka zonsezi n'chakuti makina amakono a m'manja, amene wosaona amalemberamo, kuwerengeramo ndi kusungiramo mabuku ake, kawirikawiri amabwera ali athunthu, mabatani ndi madontho ali bwino, koma mwini wake ali ndi dandaulo limodzi lokhalokha: "Amisiri, makinawa sakusunga moto."

Louis Braille wa ku France, amene anafalitsa njira yake ya madontho asanu ndi limodzi m'chaka cha 1829, anasiyira osaona malembedwe osafuna china koma pepala lolimba, sileti ndi kachitsulo kobayira. Ndipo makina a Perkins, amene David Abraham anawakonza ku America natuluka m'chaka cha 1951, ngakhale ali olemera ndi aphokoso, amayenda ndi mphamvu ya zala zokha, n'chifukwa chake akugwirabe ntchito ku Chilanga m'boma la Kasungu, ku Lulwe m'boma la Nsanje, ndi ku Montfort ku Nguludi kumene aphunzitsi a ana osaona amasulidwa. Zinthu zinatembenuka mu 1987 pamene Deane Blazie anatulutsa Braille 'n Speak, kamakina kolankhula konyamula m'dzanja limodzi, ndipo mu 2000 ku New Zealand kunatuluka BrailleNote, ya madontho otukuka ndi kubwerera okha. Mphatsoyo inali yaikulu, pakuti mabuku amene m'mapepala akanadzaza kabati analowa m'chikwama. Koma walira mvula walira matope: moto ukatha, timisomali totukula madontho timafooka, mawu amaleka, ndipo mwini wake, kaya ali pakati pa phunziro, kaya waima pamaso pa mpingo kuwerenga Malemba, amatsala ndi bokosi losalala lopanda chilembo ndi chimodzi chomwe.

Ambiri amayesa kuti madontho ndiwo amamaliza batire, popeza ndiwo amene chala chimawamva akuyenda. Zoona zake n'zakuti pansi pa kamsomali kalikonse pali kachipande kopyapyala kamene kamapindika kakalandira magetsi a mavolti ngati 200, ndipo makina amachita kukweza mphamvuyo kuchokera pa mavolti 3.7 a batire. Komatu ngakhale mphamvuyo ikumveka yoopsa, moto umene umapita kumeneko ndi wochepa. Mbala zenizeni zili kwina: Wi-Fi wofunafuna intaneti kumene kulibe, Bluetooth woiwalika, mapulogalamu oyenda mobisika m'makina a Android, ndi chizolowezi chogoneka makina m'malo mowathimitsa. Yoposa zonse ndi galasi lowala limene makina ena ali nalo, loikidwira mphunzitsi kapena kholo lopenya; pakuti wopenyayo akaliyatsa nachoka, mwini makina alibe chomuuza kuti likuyakabe, ndipo batire loyenera kufika madzulo limatha dzuwa lisanapendeke.

Chifukwa chake sindifulumira kumasula makina, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndimakhazika mwini wake pampando ndi kumufunsa kumene makina amagona, chimene amatchajira, ndi ngati amathima pang'onopang'ono kapena mwadzidzidzi. Kenaka ndimayeza tchaja ndi mita yanga, kupinda chingwe pafupi ndi mutu wake kumene mawaya amadukira m'kati, ndi kutokosa fumbi pakamwa polowera moto, pakuti mabatire ambiri amanamiziridwa mlandu wa chingwe chotchipa cha pamsika. Makina akamanena kuti moto watsala 40 pa 100 kenaka n'kuthima pomwepo, nthawi zina chasokera ndi chowerengera moto, ndipo kuwasiya athe kamodzi ndi kuwadzazanso kufikira pakamwa kumachibweza m'njira. Koma chivundikiro cha pansi chikakhala chotukuka, makina n'kumagwedera patebulo losalala, pamenepo batire latupa, ndipo ndilibe mankhwala ena koma kulichotsa mwaulemu, osalibaya kapena kulipinda, pakuti lotero limabuka moto wovuta kuuzima.

Pali malangizo ena amene anali oona m'masiku awo koma lero asanduka msampha. Mabatire akale a nickel-cadmium ankafuna kutheratu asanatchajidwe, ndipo aphunzitsi amene anaphunzira pa makina a nthawi imeneyo amalangizabe ana chomwecho ndi mtima wabwino. Koma batire la lithium, limene kampani ya Sony inayamba kugulitsa mu 1991 ndipo ndilo lili m'makina a masiku ano, limakondwa kumwa pang'ono kawirikawiri, ndipo kulitheratu tsiku ndi tsiku kumalikalambitsa msanga. Ngakhale losamalidwa bwino lili ndi masiku ake owerengeka, pakuti likadzazidwa ndi kutha ka 300 kufikira ka 500 limayamba kuchepa mphamvu. Ndipo kutentha kumadula masikuwo, kotero kuti makina a ku Chigwa cha Shire, kumene mwezi wa Okutobala dzuwa limapyola madigiri 40, akasiyidwa pansi pa malata kapena pawindo la minibasi, amandifikira batire litakalamba mwini wake asanawazolowere n'komwe. Kuthimathima kwa magetsi kumawonjezera pamenepo, monga tinaonera namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, mamegawati pafupifupi 130 n'kuchoka m'dziko: anthu anatchajira pa jenereta iliyonse ndi pa sola yopanda chowongolera, ndipo miyezi yotsatira inandichulukira ntchito.

Kupeza batire latsopano ndiwo msomali wa ntchito yanga, pakuti opanga ambiri amaumba lawolawo losalowa m'makina ena, ndalama zakunja n'zosowa, ndipo kuyambira mu 2016 malamulo a zandege saloleza mabatire a lithium kuyenda paokha ngati katundu m'ndege zonyamula anthu, kotero kuti kanthu kochepa ngati bokosi la machesi kamatha miyezi m'njira. Kumene kuli kotheka ndimamanga batire lina ndi maselo atsopano a muyezo womwewo, ndi kusunga kabolodi koteteza ndi kawaya koyeza kutentha kochokera m'lakalelo. Koma amene andipempha kuti ndilumphe kabolodiko kuti ntchito ifulumire ndimamukana, poti makinawa amagona kumutu kwa munthu amene sangaone utsi. Ndimayamikira opanga Orbit Reader 20, amene anaika batire loti mwini akhoza kusintha, ndi timisomali todya moto pokhapokha pamene tikusuntha, ndipo kwa wophunzira aliyense ndimati, "Mwana wanga, mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo, sileti isachoke m'chikwama."

Komatu imfa imene imandiwawa koposa siibwera ndi dzuwa kapena jenereta, koma ndi chikondi. Akuluakulu ena a sukulu, atalandira makina kuchokera kwa akufuna kwabwino, namva mtengo wake wogula galimoto yakale, amagwidwa ndi mantha, nawakhomera m'kabati kudikira tsiku la alendo. Osadziwa kuti batire la lithium limatha lokha ngakhale makina ali othima, ndipo likatsika kupyola mavolti ngati 2.5 kabolodi koteteza kamalitseka, likakhalitsa chomwecho mkuwa wa m'kati mwake umayamba kusungunuka, ndipo kulidzutsanso n'kuitana ngozi. Mkulu wina anandiuza ndi nkhope yoona, "Amisiri, tinawasungatu bwino, sanakhudzidwe ndi mwana aliyense", ndipo ine, pokumbukira kapolo wa m'fanizo amene anakwirira ndalama ya mbuye wake pansi, ndinayankha kuti, "Wawa a hedi, kusakhudzidwako ndiko kwawapha." Makina ofunika kusungidwa pa tchuthi asiyidwe ndi moto wa theka, pamalo pozizira, ndipo pakapita miyezi iwiri kapena itatu awonjezeredwe, koma sukulu ikatsegulidwa, malo awo ndi pamiyendo ya mwana.

Choncho ndikupempha onse ogulira osaona makina otere, mipingo ndi mabungwe omwe, kuti asanasaine afunse ngati batire lake likusinthika, kumene lidzagulidwe, ndi amene adzalipire zaka ziwiri kapena zitatu zikatha. Ndiponso kuti pobwera kudzayendera asamayamike makina onyezimira ngati atsopano. Batire lotha chifukwa mwana wawerenga mabuku usana ndi usiku ndimalisintha mokondwa, pakuti linagwira ntchito imene linadzera, ndipo mtengo wa lina ndi wochepa poyerekeza ndi chaka cha maphunziro chimene chimatayika makina ali m'kabati.