Kalata Imene Sindinatumize

Kwathu ndi ku Senga Bay, m'boma la Salima, ndipo atate anga ali ndi chilimira chimodzi, boti la injini ndi mabwato awiri. Inu anzanga amene simunakhalepo kunyanja mudziwe kuti chilimira si khoka loti munthu angakoke yekha. Pamafunika alovi 8 kapena 9, ndiponso siginala, munthu amene amatsogola pabwato ndi nyale usiku wamdima kuitana usipa. Kukacha, usipa ukagulitsidwa m'zidebe, pamadza ntchito ina yowawa koposa kukoka khoka, ndiyo kugawa ndalama.

Atate amayamba achotsa ya mafuta ndi ya mabatire a nyale, ndipo yotsalayo amaigawa pakati, theka la mwini khoka, theka la alovi, koma siginala amalandira koposa anzake. Zonsezi amalemba m'kope lakale limene lanyowapo nthawi zosawerengeka. Tsono pa tchuthi cha chaka chatha mlovi wina ananena pamaso pa anthu kuti atate amaba m'masamu. Sanabe ayi, anangophonya pochotsera. Komabe alovi awiri anachoka, ndipo chilimira chinagona pamtunda sabata yathunthu mwezi uli mumdima, nthawi yomwe usipa umaphedwa. Fizi yanga imachokera m'khoka lomwelo, motero mukhoza kuona kuti nkhaniyi sinandigonetse tulo.

Nditabwerera kuno kusukulu ndinatsimikiza mtima kuti ndiphunzitse kompyuta kugawa ndalamazo. Ku kalabu yathu tinali titaphunzirako Python, chiyankhulo cholamulira kompyuta chimene Guido van Rossum wa ku Netherlands anatulutsa mu 1991. Maganizo anga anali akuti zidebe ndi mitengo yake ndizilemba mu Excel, ndipo malamulo ogawira ndiwalembe mu Python, kuti tsiku ndi tsiku ntchitoyo izidzichita yokha. Koma Excel ya m'chipinda chathu ndi yakale, ndipo malamulo otere imawamva m'chiyankhulo china chotchedwa VBA, chimene chinalowamo mu 1993, ine ndisanaganiziridwe n'komwe. Ndinali ngati Mchewa wopita ndi mlandu kubwalo kumene nduna zonse zimamva Chiyao chokha.

Usiku womwewo, pa sitade, ndinalemba kalata yopempha eni ake kuti aikemo Python. Ndinaikometsera ndi mawu aakulu a Chingerezi otola mu dikishonale, ena mwa iwo sindikuwakumbukiranso tanthauzo lake. M'mawa ndinaipereka kwa aphunzitsi athu a za kompyuta kuti andikonzere. Iwo anaiwerenga mpaka pansi, namwetulira, nati, "Iwe, ukupempha nsima imene inaphikidwa kale."

Pamenepo anandifotokozera kuti anthu zikwi zingapo a m'maiko osiyanasiyana anayamba kupempha chinthu chomwechi mu 2015. Mu 2017 kampani ya Microsoft inawafunsa kuti anene chimene akaichitire Python ikalowamo. Mu 2020 van Rossum mwini wake anayamba ntchito ku kampaniyo, ndipo mu Ogasiti 2023 analengeza kuti pempho lija layankhidwa. Zaka 8! Ine amene ndimadandaula belu la nkhomaliro likachedwa mphindi 5, ndinachita manyazi.

Koma panali china chimene chinandikhaza chete. Python ya mu Excel yatsopanoyo sichita masamu pa kompyuta imene ili patsogolo pako. Imawatumiza ku makompyuta aakulu a kutali kudzera pa intaneti, ndipo yankho limabwerera njira yomweyo. Kwa amene intaneti ili ngati madzi a pampopi, palibe chovuta. Padoko pathu bandulo imagulidwa ndi ndalama yomwe ikadagula mchere. Sindikudzudzula munthu, pakuti opempha aja analandira chimene anapempha. Ndinabwerezanso kuwerenga kalata yanga, ndipo ndinapeza kuti masamba onse awiri ndinangotamanda chiyankhulo chimene ndimakonda, osatchula usipa, alovi, ngakhale mchenga umene kompyutayo ikagwirirepo ntchito. Akadandiyankha, akadayankha munthu wina, osati mwana wa msodzi.

Aphunzitsi anandionetsa pulogalamu ina yaulere, LibreOffice, imene inayamba mu 2010, ndipo imamva Python popanda intaneti. Anandiuzanso chinthu chimene chinandikondweretsa koposa zonse: mawu akeake a Python, amene sungawasinthe, alipo 35 okha, monga if, for ndi while. Maina ena ambiri amatcha ndi wolembayo. Tsono ine ndinatcha anga m'Chichewa: zidebe, mtengo, mafuta, gawo_la_alovi, gawo_la_siginala. Anzanga ena a mu kalabu anaseka, nati zikuoneka zachimidzi. Ndinawaleka aseke.

Pa tchuthi chotsatira ndinabwereka laputopu yakale ya amalume a kuboma, ndipo ndinaitsegula pafupi ndi mathandala oyanikapo usipa, alovi onse atandizungulira. Atate anafunsa kuti, "Kodi chimenechi chimamva Chichewa?" Ndinati, "Chimamva pang'ono, atate." A siginala athu, munthu wamkulu amene analekeza sukulu Sitandade 4, anawerama nayendetsa chala mzere ndi mzere, akutchula mokweza mawu amene anawazindikira ndi kudumpha a Chingerezi. Atafika pansi anadzuka, nati, "Iwe mwana wasukulu, nanga chidebe cha ndiwo chili pati?"

Ndinali nditaiwaladi. Usipa usanagulitsidwe, pamachotsedwa wa ndiwo woti aliyense apite nawo kunyumba, ndipo atate salemba zimenezo m'kope chifukwa palibe wosazidziwa. Ndinaonjeza mzere umodzi pomwepo, iwo akuyang'ana, ndipo anandiuza kuti ndiuike pamwamba pa mafuta, pakuti ndiwo ndiyo imayamba.

Masabata atatu a tchuthi, atate ankawerengera m'kope, ine pa laputopu, ndipo tinkatchula mayankho onse awiri mokweza. Tinasiyana kawiri: kamodzi anaphonya ndi iwo, kamodzi ndinalemba molakwa mtengo ndine. Mmodzi wa alovi awiri aja anabwerera. Sukulu itatsegulidwa amalume anatenga laputopu yao, ndipo atate abwerera ku kope lao lonyowa lija. Kalata ija ikadali pansi pa sutikesi yanga, ndipo kuseri kwake ndayamba kuwerengera zidebe za usipa zimene zingagule laputopu yogwiritsidwa kale ntchito.