Muyeso wa mawu pa ntchito ya ulembi

Ntchito ya mlembi wa mu ofesi ndi yoyeza nkhani. Pa desiki yake pamadutsa makalata, mafoni, maimelo ndi mfundo za misonkhano, ndipo chilichonse chimafuna kuti aganize kuchuluka kwa zoti zinenedwe komanso munthu woyenera kuzimva. Popeza m'maofesi a boma ndi m'makampani ambiri ku Malawi zolembalemba zimayenda m'Chingerezi, zida zoyezera ndi mawu angapo a Chingerezi amene ife alembi timawatola pa ntchito pomwepo, pomvetsera akuluakulu amene anatitsogolera.

Oyamba kuphunziridwa ndi mawu ofupikitsira nkhani. Bwana akanena kuti "in a nutshell" kapena "just the highlights", akufuna mitu yokha. Akafunsa "the bottom line", akufuna mapeto ake: kodi ndalama zikwana, kodi katundu afika? Mawu otsirizawa anachokera kwa owerengera chuma, chifukwa mzere wotsiriza wa pepala lawo ndi umene umaonetsa phindu kapena kuluza. Mlembi wodziwa ntchito amayamba ndi yankho, zifukwa n'kuzisunga pafupi, chifukwa bwana yemweyo akhoza kutembenuka n'kunena kuti "walk me through it", ndipo pamenepo akufuna tsatanetsatane, kuyambira pamene nkhani inayambira. Wophunzira ntchito amapunthwa pano kawirikawiri. Amayamba kulongosola za dalaivala, mafuta ndi mvula ya panjira, pamene funso linali lakuti kalata yafika kapena ayi.

Pa msonkhano pamamvekanso "let's take this offline". Sizikhudza intaneti konse. Wapampando akutanthauza kuti awiri kapena atatu amene nkhaniyo ikuwakhudza akaimalizire padera, ena asatayirepo nthawi. Wolemba mfundo amalemba kuti nkhaniyo ikakambidwa padera, natchula amene adzabweretse yankho, chifukwa nkhani zambiri zimafera pa mawu amenewa ngati palibe wozilondola.

Kenako pali mawu osonyeza amene auzidwe. "Keep me in the loop" ndi pempho loti munthu azidziwitsidwa mmene zinthu zikuyendera, ngakhale sakugwira nawo ntchitoyo. Zilembo za FYI pamwamba pa uthenga zimati dziwani chabe, palibe chofunika kuchita. Za cc zinatsalira kuchokera masiku a makina otaipira, pamene pepala la kaboni linkaikidwa pakati pa mapepala awiri kuti kalata ituluke iwiri. Masiku amenewo kope lililonse linkadya pepala ndi mphamvu ya zala, choncho munthu ankaganiza kaye. Lero n'chapafupi kuwonjezera mayina khumi pa mzere wa cc wa imelo, ndipo zinsinsi zambiri za m'maofesi zimatulukira pamzere umenewu.

Mawu olemera kwambiri ndi oika malire. Nkhani ikamayenda "on a need-to-know basis", mwambo wochokera kwa asilikali ndi azachitetezo, amauzidwa yekhayo amene ntchito yake singayende popanda kuidziwa. Udindo paokha sukwanira. Wowerengera malipiro ayenera kudziwa kuti wantchito wina waimitsidwa kuyambira tsiku lakuti, koma chifukwa chake sichimukhudza. Mlonda wa pachipata ayenera kudziwa kuti munthuyo asalowe, basi. Mlembi amene wataipa kalata yomuimitsayo amadziwa zonse, ndipo apa m'pamene pamaonekera amene ali woyenera mpando umenewu. Mnzake wodya naye nkhomaliro akamufunsa, amayankha kuti "I'm not at liberty to say" kapena "I can't go into that", ndipo akamalankhula Chichewa amati, "Pepani achimwene, imeneyo si ya ine kunena, mukafunse kwa bwana." Ubwino wa mayankho amenewa ndi wakuti mulibe bodza. Kunena kuti "sindikudziwa" pamene ukudziwa kumaoneka kofewa tsiku limenelo, koma zikadzaululika palibenso amene amakhulupirira mawu ochokera pa desiki imeneyo. Kukana poyera kumapweteka pang'ono, koma wofunsayo amadziwa kuti tsiku limene nkhani idzakhale yake, idzasungidwa chimodzimodzi.

"Off the record" ndi mawu a atolankhani, otanthauza kuti zonenedwazo zisasindikizidwe. Pa msonkhano wapampando akawanena, cholembera chimaikidwa pansi. Osiyana nawo ndi "Chatham House Rule", lamulo limene bungwe la Royal Institute of International Affairs la ku London linakhazikitsa mu 1927, ndipo limamveka m'misonkhano ya mabungwe ndi akazembe. Pansi pa lamuloli zokambidwa zikhoza kutuluka, koma dzina la wolankhula ndi kumene amagwira ntchito siziululidwa. Mlembi wosokoneza ziwirizi amataya mfundo zofunika, apo ayi amaika munthu pamoto.

Mawu ena amateteza wantchito mwini. Kwathu munthu akadwala kapena akaferedwa, kufunsa ndi chikondi, ndipo kusafunsa ndi nkhanza. Komabe fayilo si mudzi: imawerengedwa ndi anthu amene sadzabwera kudzazonda. N'chifukwa chake m'kalata yodziwitsa anzake mlembi amalemba kuti mayi uje sabwera "for personal reasons" kapena ali "on sick leave", dzina la matenda n'kulisiya kwa dokotala ndi mwini wake. Mayiyo akafuna kuuza anzake, adzawauza ndi pakamwa pake.

Mawu onsewa akhozanso kugwiritsidwa ntchito molakwika. Chidindo cha "confidential" chimaikidwa nthawi zina pa pepala limene lilibe chinsinsi china koma manyazi a amene analakwitsa. Ku Malawi lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani, Access to Information Act, linasainidwa mu 2017 ndipo linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020. Kuyambira pamenepo nzika ikalemba kupempha nkhani ku ofesi ya boma, mawu akuti "that's confidential" sakwaniranso paokha. Pempho limapita kwa mkulu woikidwa kuti aziyankha zoterezi, ndipo ngati ofesi ikukana, imayenera kulemba chifukwa chimene lamulo limavomereza. Mlembi wolandira pempho lotere amalidinda tsiku limene lafika, amalilowetsa m'kaundula, n'kulipereka kwa mkuluyo lisanagone pa desiki.