Makoko a zipatso amene timataya ku Limbe, kuno akudyetsera nsomba

Abale anga a ku Soche, Chimwankhunda, Zingwangwa ndi ku Limbe, ndikukulemberani kuchokera kuno ku Chiang Mai, kumpoto kwa dziko la Thailand. Ena mwa inu amene muli ndi madamu a nsomba kumudzi mwakhala mukundifunsa kuti anzathu kuno amadyetsa chiyani kuti nsomba zawo zizikula msanga chotere. Ndati ndiyankhire pano kuti onse amve.

Nsomba imene amaweta kwambiri kuno amaitcha pla nin, yomwe ndi Nile tilapia. Inafika mu 1965 ngati mphatso yochokera kwa Akihito wa ku Japan kupita kwa Mfumu Bhumibol ya dziko lino. Chakudya cha nsombayi ndi cha kufakitale, choyezedwa bwino, chokhala ndi mapuloteni okwana 25 kapena 30 pa 100. Ife kwathu ambiri timathira madeya, omwe mapuloteni ake ndi pafupifupi 10 pa 100, kenaka n'kumadabwa kuti makumba akupinimbira. Kusiyana kwakukulu kuli pamenepo.

Koma chimene chandigwira mtima ndi china. Dziko lino limagulitsa kunja nanazi wambiri wa m'zitini, ndiye makoko amachuluka. Akatswiri a pa Chiang Mai University, monga Hien Van Doan ndi anzake, akhala akuyesa ufa wa makoko a nanazi, a mavwende, komanso pectin wochokera m'makoko a malalanje. Amaumitsa, kupera, n'kusakaniza pang'ono m'chakudya, kawirikawiri magalamu ngati 10 pa kilogalamu imodzi. Anapeza kuti nsomba zimakula bwinoko ndipo zimapirira matenda kuposa zimene sizinapatsidwe. Chifukwa chake n'chomveka: ulusi wa m'makokowo umadyetsa tizilombo tabwino ta m'matumbo, nanazi ali ndi bromelain ndipo papaya ali ndi papain, zomwe zimathandiza kugaya mapuloteni. Komanso nsomba zimenezi sizipanga zokha vitamini C, zimayenera kumudya.

Tsono taganizani za kwathu. Nanazi wa ku Mulanje, nthochi za ku Thyolo, manachesi a ku Mwanza, mapapaya, mango ndi malambe, zonse zimadzathera mumsika wa Limbe ndi wa Blantyre. Nyengo yake ikafika, makoko ndi zipatso zophwanyika zimaunjikana kudzala, n'kumawola, mvula n'kuzikokolorera m'mitsinje. Malambe okha ali ndi vitamini C wochuluka kuposa malalanje. Chuma chili pakhomo, ife n'kumachiponda.

Ndikuchenjezeni, abale. Makoko ndi ndiwo, si nsima. Musasiye soya, musasiye kuthira manyowa kuti madzi abiriwire, poganiza kuti zipatso zikwanira. Musaponye zowola m'damu, chifukwa zimamaliza mpweya m'madzi ndipo nsomba zimadzuka zikuyasamula pamwamba. Mukachulukitsa muyeso wa makoko, kukula kumabwerera m'mbuyo. Njere za papaya nazo zimachepetsa kubereka kwa nsomba, choncho amene mumaswetsa mbewu muzipewe. Ndipo makoko si mankhwala. Matenda a zilonda aja a EUS, amene anapezeka ku Mchinji mu 2020, amafuna kuti mudziwitse alangizi a zansomba msanga, musasamutse nsomba kapena maukonde kupita kudamu lina.

China n'chakuti zimene anapeza kunozi anayesera pa Nile tilapia, pomwe ife timaweta makumba, chilunguni, chambo ndi mlamba. Zathu ziyenera kuyesedwa pazokha. Malo alipo: National Aquaculture Centre ku Domasi, ndi LUANAR ku Bunda, komwe kuli akadaulo a zansomba. Ophunzira athu angathe kutenga makoko a ku Limbe, n'kutiuza muyeso woyenera makumba, m'Chichewa chimene mlimi angamve.

Inu achinyamata a ku Soche amene mukusaka chochita, apa pali geni. Kutolera makoko aukhondo kwa ogulitsa zipatso, kutsuka, kuyanika pathandala mpaka aume gwa osachita nkhungu, kugayitsa kuchigayo, sizifuna mpamba waukulu. Koma musanagulitse kwa wina, yambani mwayesa. Amene muli ndi madamu awiri, thirani ufawo pang'ono m'chakudya cha damu limodzi, linalo lidye monga mwa masiku onse. Yezani nsomba pasikelo mwezi ndi mwezi, lembani m'kope, ndipo muonetse alangizi a zansomba a m'dera lanu. Zimene mupezezo mutiuze, zikhale zabwino kapena ayi, kuti tonse tiphunzirepo.