Camshaft sagula ngati malaya a pa kaunjika

Abale anga a mu msika, pali zitsulo zina za m'galimoto zomwe mwini wake amayamba kumva dzina lake tsiku lomwe zaonongeka. Tayala tonse timalidziwa, batire timaidziwa, koma camshaft ambirife timaimva koyamba pakamwa pa makaniko, galimoto itaima pa msewu, katundu ali pamwamba, dzuwa likuswa mtengo. Nthawi imeneyo munthu sukhala ndi mpata wofunsa zambiri. Chomwe umafuna n'choti injini ilire basi, ndipo apo mpamene ndalama zimathawira.

Mwina wina akuti, "Ine ndimagulitsa tomato, za injini zikundikhudza pati?" Zikukukhudzani ndithu. Ambiri a inu muli ndi pikiyapu, ena minibasi, ena mudasonkherana ndi anzanu kugula kagalimoto kokapikulira katundu ku Lizulu, ku Tsangano kapena ku Jenda. Ikaonongeka, ndalama yokonzera simuitola pansi, imachoka pa mpamba womwewo wa geni. Tsono mundilole lero tisiye kaye za ndale, tikambe za chitsulo chimenechi.

Camshaft ndi ndodo yachitsulo yaitali ngati mkono, yokhala ndi mfundo zooneka ngati dzira. Ikamazungulira, mfundozo zimakankha mavalavu kuti atseguke, kenaka masipuling'i amawabweza kuti atseke. Valavu ina imalowetsa mpweya, ina imatulutsa utsi. Crankshaft, yomwe ili kunsi kwa injini, ikazungulira kawiri, camshaft imazungulira kamodzi. Ntchito yake ili ngati ya mlonda wa pa geti la msika: akatsegula mochedwa kapena kutseka msanga, geni yonse yasokonekera. Mu injini ya dizilo n'zoopsa koposa, chifukwa mpata wa pakati pa pisitoni ndi valavu ndi wochepa zedi. Valavu ikatseguka nthawi yosayenera imagundana ndi pisitoni, ndipo maliro a injini amayambira pomwepo.

Ine zimenezi ndidazidziwa chifukwa cha azakhali anga, omwe amapikula tomato ndi kachewere. Iwo ali ndi Hilux yakale ya dizilo, injini yake 2L. Tsiku lina akubwera ndi katundu, lamba wa taimingi adaduka, camshaft n'kuthyoka pakati. Galimoto adaikokera ku galaja, makaniko n'kunena zofunika kugula, ndipo azakhali, poganizira tomato yemwe amapsa ndi dzuwa, adathamangira kwa ogulitsa masipeya ndalama ili m'chitenje. Zidutswa za camshaft yakale adazisiya ku galaja. Mnyamata wa pa benchi adangofunsa funso limodzi, lakuti injini yanji. Atamva kuti 2L adatulutsa chitsulo chopukutidwa bwino nati, "Mayi, 2L ndi 2L basi, tengani musakaike."

Atafika nayo ku galaja, camshaft ija idakana kukhala. Makaniko, bambo wachikulire wa imvi m'mutu, adangoiyang'ana kamodzi n'kupukusa mutu. Apo mpamene azakhali adandiitanitsa. "Mwanangu, iwe udapita ku sukulu, bwera udzamve zomwe akunena bambowa, ine mutu waima." Bambo aja adatifotokozera kuti 2L zilipo za mitundu iwiri. Yakale ili ndi ma rocker, tizitsulo topendama tomwe camshaft imakankha kuti nato tikankhe valavu. Mu 1988, pomwe Toyota idatulutsa injini ya 3L, idasinthanso 2L: ma rocker adachotsedwa, camshaft idayamba kukankha valavu kudzera pa kachikho kokhala ndi shimu pamwamba. Dzina ndi lomwelo, kukula kwa injini n'komweko, malita 2.4, koma silinda hedi ndi ina, camshaft ndi inanso. Galimoto ya azakhali idali ya mtundu watsopanowo, pomwe chitsulo chomwe adagula chidali cha wakale.

Tidabwerera limodzi kukabweza. Mnyamata uja nkhope idasintha. "Katundu akatuluka sabwerera, mayi. Ndidziwa bwanji kuti simudasinthe?" Lisiti padalibe, mboni padalibe. Azakhali adagula kachiwiri kwina, galimoto idagona pa galaja masiku anayi, tomato adamutengera pa galimoto ya hayala n'kukamugulitsa motaya. Mwezi umenewo fizi ya mwana wao idachedwa.

Sindikunena kuti mnyamatayo adali wakuba. Mwina nayenso samadziwa. Koma kusadziwa kwa wogulitsa amalipira ndi wogula, ndiye wogulayo ayenera kupita ali ndi zomuteteza.

Choyamba chofunika kumvetsa n'chakuti dzina la galimoto si dzina la injini. Mukati "ndikufuna camshaft ya Hiace" muli ngati munthu wofika pa benchi la nsomba n'kunena kuti "ndipatseni ya m'madzi". Hiace zilipo za 2L, za 3L ya malita 2.8, za 5L ya malita 3.0, zonsezi za dizilo, ndipo camshaft yake imakhala imodzi, pamwamba mu silinda hedi, yoyendetsedwa ndi lamba. Zilipo za petulo za 4Y, momwe camshaft sikhala m'mwamba n'komwe. Imakhala kunsi mu buloko, n'kumakankha mavalavu ndi timitengo tachitsulo totchedwa ma push rod. TD27 ya mu Nissan Caravan nayonso camshaft yake ili mu buloko, ndipo imayendetsedwa ndi magiya, lamba mulibe. Corolla ya 5A-FE ili ndi ma camshaft awiri. Probox ndi Sienta zambiri zili ndi 1NZ-FE, momwenso ali awiri oyendera tcheni, ndipo ya mbali yolowetsa mpweya ili ndi VVT-i, makina osintha nthawi yotsegulira valavu pogwiritsa ntchito mphamvu ya oyilo. Ziwirizo zimaoneka ngati mapasa, koma ya mpweya singalowe m'malo mwa ya utsi.

Nanga injini yanu muidziwa bwanji? Galimoto za Toyota zimakhala ndi kachitsulo kokhomedwa m'boneti kapena pa chipilala cha chitseko, pomwe pamalembedwa mtundu wa galimoto ndi wa injini. Pa Hilux zakale, zilembo LN zikutanthauza dizilo ya banja la L, pomwe YN ndi petulo ya banja la Y. Komabe kachitsuloko, ngakhalenso bluu buku, zimanena za injini yomwe galimoto idabadwa nayo. Galimoto zathuzi zadutsa m'manja ambiri, ndipo zina zidasinthidwa injini kalekale mwini wake wa lero asakudziwa. Mboni yosanama ndi zilembo zodindidwa pa buloko penipeni. Muuzeni makaniko apukute mafuta, aunike ndi tochi, akuwerengereni. Ngati ndi sipeya yatsopano mukufuna, tengani nambala ya chasisi mupite nayo kwa ogulitsa omwe ali ndi kompyuta. Sipeya ya Toyota imakhala ndi nambala ya manambala khumi, asanu kutsogolo asanu kumbuyo, ndipo nambala ikagwirizana mkangano watha.

Chachiwiri, musapite chimanjamanja. Camshaft yakale, ngakhale ili zidutswa, ikulungeni m'thumba munyamule. Mukafika ziikeni pansi moyandikana. Onani kutalika, onani malo osalala omwe imagonera, onani komwe mfundo iliyonse yaloza, ndiponso nsonga zonse ziwiri, chifukwa kwina kumamangidwa giya, kwina pa injini zina kumayendetsa distributor. Kungowerenga mfundo sikokwanira ayi. Injini ya masilinda anayi ya mavalavu 8 ili ndi camshaft imodzi ya mfundo 8, ndipo ya mavalavu 16 ya ma camshaft awiri, iliyonse ili ndi mfundo 8 zomwezo. Wowerenga chabe adzakupatsani yolakwika ali ndi mtima woyera.

Ambirife timagula masipeya ochotsedwa m'galimoto zina, ndipo palibe cholakwika. Yochokera mu injini yabwino imatha kukhalitsa kuposa yatsopano yachinyengo. Koma musakopeke ndi kunyezimira, paja chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Chitsulo amatha kuchipala ndi sandipepa chikaoneke ngati cha dzulo. Yendetsani chikhadabo pa mfundo iliyonse. Chikakodwa mu mzere, kapena mukaona timaenje ngati nthomba, isiyeni. Nsonga ya mfundo ikaphwa, valavu sitseguka mokwanira, galimoto imafooka n'kumadya mafuta. Mukaona pobiriwira ngati pa mpeni wootchedwa pa moto, dziwani kuti idayendapo yopanda oyilo. Yowotcherera ithaweni, chifukwa zambiri n'zachitsulo chosungunula chomwe chikathyoka chathyoka, ndipo pomwe alumikiza sipachedwa kulekana. Kupindika pang'ono diso silingaone. Makaniko weniweni amaiyeza ndi geji, kukwera kwa mfundo amakuyeza ndi micrometer n'kufananiza ndi buku la injiniyo. Mulipireni ya thiransipoti apite nanu. Ndalama imeneyo ndi yochepa poyerekeza ndi kugula kawiri.

Achinyamata ena adzakunong'onezani za camshaft "yamphamvu", ya galimoto za mpikisano. Eti galimoto izidzauluka. Zoona zake n'zakuti camshaft yotere imatsegula mavalavu kwambiri ndiponso nthawi yaitali, ndipo mphamvu yake imaoneka injini ikamathamanga zedi. Pozungulira pang'onopang'ono imafooka n'kumanjenjemera. Inu mukufuna galimoto yokwera Chiweta kapena Khwekhwerere itasenza matumba, osati yothamangitsana ndi mphepo. Bwezerani ya mtundu womwe injiniyo idapangidwa nayo.

Chachitatu, ndipo ichi ambiri amachilumpha, funsani chidapha camshaft yakale n'chiyani. Chitsulo chimenechi sichifa chokha. Chili pamwamba, kutali ndi pampu, ndiye oyilo akachepa, akada, kapena tinjira take tikatsekeka, camshaft ili m'gulu la zoyamba kuvutika. Injini ikatentha kwambiri silinda hedi imapindika n'kuipana. Lamba wa taimingi akaduka, mwamva kale zomwe zimachitika. Pa injini za banja la L lambayu amayenera kusinthidwa pa makilomita 100,000, ndipo pa dashibodi pali nyale yolembedwa T-BELT yokumbutsa. Ena ikayaka amangoizimitsa n'kumapitiriza ulendo, ngati munthu wotseka pakamwa mwana wolira ndi njala. Mukaika camshaft ina osakonza chomwe chidapha inzake, mwangoibweretsa kuti idzafere pomwepo.

Poimanga napo pali mwambo wake. Tizivindikiro tomwe timaigwira tili ndi manambala ndi mivi, chifukwa tidabooledwa pamodzi ndi silinda hedi imeneyo, ndiye kalikonse kabwerere pamalo pake. Camshaft yatsopano siyenera kugona pa ma rocker kapena timakapu todyeka, chifukwa zakuthazo zimadya yatsopanoyo. Mipata ya mavalavu iyezedwenso, lamba akhale watsopano, oyilo ndi fyuluta zatsopano. Mukamva makaniko akuti "izi zilibe ntchito, tingomanga", mufunseni kuti ikaonongekanso alipira ndani.

Kwa inu anzanga ogulitsa masipeya, poti nanunso nyuzipepala ino mumawerenga: mawu akuti "sindikudziwa, bwerani ndi yakale" sachotsa ulemu. Kasitomala yemwe mwamubweza lero kuti akatenge chitsanzo adzabweranso mawa ndi anzake. Yemwe mwamugulitsa cholakwika n'kumukanira adzalengeza dzina lanu m'minibasi yonse.

Ndipo inu ogula, nzeru zake muli nazo kale. Mumasiyanitsa mpunga wa Kilombero ndi wa Faya pongonunkhiza, mumapisa dzanja pansi pa dengu kuona ngati tomato wa kunsi ndi wofanana ndi wa pamwamba. Bwanji pa chitsulo chodya phindu la mwezi wathunthu mumangoti "makaniko wanena"? Gwirizanani musanapereke ndalama kuti ikakana idzabwezedwa, zilembedwe pa pepala, wogulitsa asaine, makaniko akhale mboni. Ndipo sabata ino, galimoto ikadali yamoyo, tsegulitsani boneti muwerenge zilembo za pa buloko, muzilembe pa chikuto cha kope lija mumalembamo angongole.