Kachilumba ka Mozambique kandidya mtima

Ife amene tinakulira kumtunda timayesa kuti nyanja tinaiona kale ku Salima ndi ku Mangochi. Inenso ndinkatero, mpaka tchuthi chapitachi pamene ndinakaponda pa Ilha de Moçambique, kachilumba ka m'chigawo cha Nampula, pa nyanja ya mchere ya India.

Ulendo wake ngotopetsa, sindikunamizani. Kuchokera mumzinda wa Nampula pali makilomita pafupifupi 180, ndipo ma chapa a kumeneko amapakira anthu ngati maminibasi athu omwewa. Koma galimoto ikangokwera pa mlatho wa makilomita oposa 3, wopapatiza moti madalaivala amachita kudikirana pamalo opatukira, madzi ali mbee uku ndi uku, msana umaiwala kuti umapweteka.

Kachilumbako nkakang'ono, m'litali makilomita 3 okha, ndipo ndinkangoyenda wapansi. Kumpoto kuli nyumba zamiyala za nthawi ya Apwitikizi, zina zopakidwa bwino, zina mitengo inamera m'makoma. Kumapeto kwenikweni kuli linga la São Sebastião lomwe anayamba kumanga mu 1558, ndipo kuseri kwake kuli katchalitchi ka Nossa Senhora de Baluarte ka mu 1522, kali chiimire mafunde akumenya m'munsi mwake. Pano ndiye panali likulu la dzikoli mpaka mu 1898, pamene analisamutsira ku Lourenço Marques, Maputo wa lero. Mu 1991 bungwe la UNESCO linaika chilumbachi m'kaundula wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse.

Zonsezo nzabwino, koma mtima wanga unatsalira kummwera, ku Macuti, kumene kumakhala eni mudzi, Amakua, ambiri mwa iwo Asilamu. Nyumba zambiri nzofolera ndi masamba a kokonati, ndipo zili m'munsi mwa msewu chifukwa miyala yomangira nyumba za kumpoto ankaikumba pomwepo. Chipwitikizi changa nchothyokathyoka, Chimakua ndiye ayi ndithu, koma palibe amene anandinyogodola. Ukafunsa njira, munthu amasiya zomwe akuchita nkukuperekeza mpaka pakhomo. Amayi ena odzola musiro, ufa woyera wa mtengo womwe amapaka kunkhope, anandikhazika pa mkeka nkundipakulira mpunga ndi matapa ya siri-siri, masamba omera m'mphepete mwa nyanja otendera ndi kokonati. Ndinanyambita zala, manyazi ndinawasiya ku Malawi.

Nanga nyanjayo! Kawiri patsiku madzi amaphwa nkuthawira kutali, ngalawa za matanga nkutsala zitapendekera pamchenga. Amayi ndi ana amatsika ndi mabeseni kukatola nkhono ndi nkhanu pomwe m'mawa panali pakuya, kenako madzi amabwerera mwakachetechete mpaka kukhudza makoma. Akuti ndi mwezi umene umakoka madziwo, ndipo zimenezi tinaphunzira kusukulu, koma kuziona ndi maso ndi nkhani ina. Ndinkakhala pa khoma maola ambiri, pakamwa yasa, asodzi akundiseka.

Pali malo amodzi pomwe sindinaseke. Jardim da Memória ndi bwalo lokumbukira akapolo amene ankasungidwa pano asanawakweze m'zombo. Ena mwa iwo anachokera m'madera a kufupi ndi nyanja yathu ya Malawi, atayenda wapansi mtunda wonsewo pamodzi ndi amalonda a minyanga. Mmalawi akalowa m'bwalomo salowa ngati mlendo wamba.

Mukafuna madansi ndi mahotela osanja, pitani kwina, pakuti kuno kukada kumangomveka mafunde ndi ana akusewera m'tinjira. Koma ngati simunaonepo nyanja ikuchoka nkubwerera, konzani pasipoti, sinthani ndalama zikhale meticais, phunzirani moni wa Chipwitikizi, ndipo musapange za usiku umodzi, chifukwa sudzakukwanirani.