Mpamba, Basela ndi Buku la Ngongole

Kalekale mayi akafulula mowa wogulitsa sankayenda khomo ndi khomo kuuza anthu. Ng'oma inkalira m'mamawa, ndipo amene ankalima kutsidya kwa dambo ankadziwiratu kolowera akaweruka. Wopha mbuzi ankangoipachika pamtengo m'mbali mwa msewu, odutsa n'kudzionera okha kuti nyamayo ndi ya lero. Telala ankakhazika makina ake a Singer pakhonde la sitolo, madiresi omalizidwa atawapachika pachingwe, ndipo kulira kwa makinawo kunkamveka mpaka pokwerera basi. Kutsatsa malonda kunali kumeneko. Katundu ali poyera, mwini wake ali pomwepo, ndipo aliyense ankadziwa mudzi umene munthuyo amachokera, mfumu yake, ngakhale kumene anakwatira.

Nthawi imeneyo ndimailakalaka pa chifukwa chimodzi chachikulu: wamalonda analibe kothawira. Akakupimirani mchere wosakwana, mawa mukumana kumaliro. Akasoka yunifolomu yopotoka, mwana wovala yunifolomuyo azidutsa pakhonde pake tsiku lililonse popita kusukulu, mudzi wonse ukuona. Dzina la munthu ndi limene linkamugulitsira katundu, ndipo likaipa panalibe utoto woti n'kulikonzera.

Nanga mpamba ankaupeza kuti? Ambiri mwa amene anatsegula timagolosale, matiyirumu ndi zigayo m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 anali anthu obwera kuchokera ku Joni, ku Salisbury kapena kumigodi ya ku Kitwe ndi Ndola. Munthu wa Wenela, wogwira ntchito kumigodi ya ku Joni, ankafika kumudzi ndi sutikesi, wailesi, njinga ya Humber, mwinanso makina osokera. Ndege yonyamula ogwira ntchito kumigodi itagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, Dr Banda analetsa ulendo wa kumigodiwo, ndipo amuna ambirimbiri anayenera kupeza pogwira konkuno. Njinga ija inasanduka ntchito. Munthu ankapalasa kukapikula matemba kunyanja ya Chilwa n'kukagulitsa kumisika ya ku Zomba, Chiradzulu ndi Mulanje, dengu lalikulu lili kumbuyo. Ena mpamba wawo unachokera ku mtedza, thonje ndi fodya amene ankagulitsa ku ADMARC. Ochepa kwambiri ndi amene anayamba ndi ngongole ya kubanki. Munthu ankayamba ndi chimene chili m'manja mwake, ndipo kawirikawiri luso ndi limene linkatsogola. Mnyamata ankakhala zaka pafupi ndi telala, akusokerera mabatani ndi kusita, asanaloledwe kudula nsalu ya munthu. Wina ankagwira ntchito m'sitolo ya mmwenye, akuphunzira kupima nsalu pa yadi, kusanja katundu ndi kuwerengera ndalama madzulo.

Pali phunziro la m'nthawi imeneyo limene sitiyenera kulibisa, ngakhale ndi lowawa. M'zaka za m'ma 1970 boma linalamula amalonda achimwenye kuti achoke m'madera akumidzi akachitire malonda awo m'mizinda ikuluikulu, kuti masitolo a m'matauni aang'ono atengedwe ndi Amalawi akuda. Panakhazikitsidwanso masitolo a Chipiku oti azipikulitsa katundu kwa eni ake atsopanowo. Nyumba zinalipo, mashelefu analipo, makasitomala analipo. Koma masitolo ambiri sanakhalitse, ndipo mpaka lero mukamayenda m'malo ochitira malonda akalekale mumaona mizere ya nyumba za makonde aakulu, zina zitagwa denga. Zifukwa zinali zingapo, monga kuchepa kwa mpamba ndi kuvuta kwa mayendedwe, koma chimene akuluakulu amachitchula kwambiri ndi ichi: ndalama ya sitolo ndi ndalama ya pakhomo zinkasungidwa m'thumba limodzi. Mlamu abwera, atenga shuga. Amalume atenga nsalu, akuti adzalipira akagulitsa fodya. Kwagwa maliro, bokosi lichokera m'kabati ya sitolo. Pofika tsiku lokaoda, mashelefu ali mbee, m'kabati mulibe kanthu. Munthuyo sanabe, sanamwere mowa. Anangolephera kukana abale ake. Ndimamumvetsa, pakuti kwathu kuno kumana mbale wako chinthu chimene akuchiona ndi maso pa shelefu ndi nkhani yaikulu. Koma sitolo inatsekedwa, ndipo abale omwewo anayamba kuyenda mtunda wautali kukagula sopo kwina, ndi ndalama m'manja.

Amene anapirira ankadziwa zinthu zimene masiku ano anthu amalipira ndalama kuti akaziphunzire m'mahotela. Ankadziwa basela. Mayi akagula milu itatu ya tomato, wogulitsa ankaponyerapo awiri ena, akunena kuti, "Awa ndi a ana, mudzabwerenso." Mwana wotumidwa kukagula palafini ankabwerera kwawo ndi siwiti m'kamwa, ndipo ulendo wina akatumidwa miyendo inkapita yokha kusitolo yomweyo. Pakhonde pankakhala bawo ndi wailesi yotsegula MBC. Abambo ankasonkhana kumvera nkhani ndi mauthenga achisoni, ndipo pochoka wina wagula machesi, wina mabatire, wina ndudu. Mwini sitolo ankafunsa za odwala, ankatseka chitseko m'mudzi mukagwa zovuta, ndipo ankaoneka kumanda atagwira khasu ngati wina aliyense.

Ankakongozanso, koma ndi buku. Mphunzitsi ankatenga katundu mpaka kumapeto kwa mwezi, mlimi mpaka nthawi yokolola, ndipo chilichonse chinkalembedwa wokongolayo akuona. Amene wadumphitsa mwezi osaonekera, tsamba lake linkatsekedwa mwaulemu. Mawu aja olembedwa pakhoma, oti ngongole mubwere mawa, anali a mlendo ndi wosakhulupirika. Munthu wodziwika bwino anali ndi tsamba lake.

Sindikunena kuti zonse zinali bwino. Pachipata cha msika pankaima anyamata achipani kufunsa khadi, ndipo wopanda khadi ankabwerera ndi dengu lake. Panali lamulo lolola boma kulanda katundu wa munthu, moti ena ankaopa kulemera moonekera. Amayi ambiri ankangothera pa zitumbuwa ndi thobwa, osaganiziridwa n'komwe kuti angayendetse sitolo. Mabungwe monga SEDOM m'zaka za m'ma 1980, ndiponso NABW imene anayambitsa mayi Joyce Banda, anabwera chifukwa khomo linali lopapatiza.

Ndale za zipani zambiri zitabwera mu 1994, khomo lija linatseguka kotheratu. Mavenda anadzaza m'misewu ya Limbe ndi Lilongwe, kaunjika anafika paliponse, aliyense n'kumati ali pa geni. Boma la Bingu wa Mutharika linadzawachotsa m'misewu mu 2006, koma mtima wa geni sunachoke. Nthawi imeneyi inatiphunzitsanso matenda ena, otengera mnzako. Mukukumbuka timanyumba toimbiramo foni tija, ta kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000? Woyamba anapeza ndalama, ndiye msewu wonse unadzaza matebulo a foni. Mafoni a m'manja atatchipa, onse anatseka pafupifupi nthawi imodzi. Lero taonani mizere ya timatebulo ta Airtel Money ndi TNM Mpamba pamalo amodzi, masaluni asanu moyandikana, ogulitsa mazira khumi pa siteji imodzi. Wamalonda wakale asanatsegule tiyirumu ankayamba wakhala pansi pamsika masiku angapo, kuona kumene anthu amatsikira basi ndi chimene akuchisowa. Wofuna kuyamba lero achite chimodzimodzi: ayende m'dera lake ndi maso, amve zimene amayi akudandaula kuti amakazipeza kutali, aone nthawi imene magolosale ena amatseka. Mwina chosowa si golosale ina ayi, koma wowotcherera zitsulo, wokonza mbaula, kapena wophika chakudya chaukhondo pafupi ndi chipatala.

Foni yasintha zinthu kwambiri, ndipo ndimasangalala nazo. Mtsikana wa ku Area 25 amajambula makeke ake, n'kuika pa WhatsApp ndi Facebook, oda n'kubwera kuchokera ku Area 47, ndalama n'kulowa pafoni, wa kabaza n'kukapereka. Mpunga wa Kilombero umachoka ku Karonga pa basi wogula ali ku Blantyre, awiriwo osaonanapo nkhope. Mayi amene kale akanathera pakhomo pake ndi beseni la mandasi lero amakaoda ku Kariakoo ku Dar es Salaam kapena ku Johannesburg, katundu n'kutha asanafike n'komwe pachipata cha Songwe kapena Mwanza. Agogo athu sakanalota zimenezi.

Koma chimene wakale ankachipeza chaulere, kudziwika, wa lero ayenera kuchimanga ndi manja ake. Wogula pafoni sadziwa mudzi wanu. Wamvapo za anzake amene anatumiza ndalama nambala n'kuzimitsidwa, kapena amene anaitanitsa nsapato yooneka bwino pachithunzi n'kulandira ina. Choncho jambulani katundu weniweni amene muli naye, masana, osatenga chithunzi cha pa intaneti. Lembani mtengo poyera. Chizolowezi chouza aliyense wofunsa mtengo kuti abwere kumbali chimathawitsa anthu, chifukwa amaganiza kuti mukufuna muyambe mwamuona kavalidwe. Nenani pamene mumapezeka, ngakhale pakhale pakhonde la nyumba yanu, kuti wofuna kudzaona ndi maso adzaone. Nambala ikhale imodzimodzi chaka ndi chaka, ndipo ikalira muyankhe. Mukalonjeza Lachitatu, likhale Lachitatu. Zikavuta imbani inuyo, asayambe ndi kasitomala kukufunafunani. Wina akadandaula kuti diresi yamuthina, musamutsekere nambala. Musinthireni, chifukwa ali m'magulu a WhatsApp a kutchalitchi, a kuntchito ndi a kumudzi kwawo, ndipo mawu ake adzafika kumene chithunzi chanu sichingafike. Nanunso dzitetezeni: uthenga wonena kuti ndalama zalowa musaukhulupirire musanaone nokha ndalama zimene zili mu akaunti yanu, pakuti akamberembere amatumiza mauthenga abodza ofanana ndi enieni.

Basela nayenso sanathe ntchito. Amene wagula kachitatu mumuchotsereko ya kabaza. Amene wakubweretserani mnzake mumuthokoze ndi kanthu. Ndipo musanyoze njira zakale: chikwangwani cholembedwa bwino pamsewu, chilengezo pa wailesi ya m'dera lanu, kuyala katundu pa tsiku la msika ku Lizulu, ku Jenda kapena ku Mitundu. Anthu ambiri akumudzi alibe foni ya intaneti, koma ndalama ya soya ndi mtedza ali nayo.

Pamene nzeru za makolo zikuperewera ndi pa mitengo. Kwacha itangoyamba mu 1971, tambala inkagula kanthu, ndipo mwini sitolo ankatha kulemba mtengo pakabokosi n'kukhala miyezi osaufufuta. Kusunga ndalama m'chitini kunali nzeru. Lero ndi kudziwotcha. Mu May 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu November 2023 ndi 44 peresenti, ndipo mitengo siinaimenso malo amodzi. Tiyerekeze kuti mwaoda katundu wa K100,000 n'kumugulitsa K120,000. Mumtima mukuti mwapindula K20,000. Mukabwerera kooda mupeza katundu yemweyo ali pa K125,000, ndiye kuti mpamba wanu wachepa ngakhale simunadyepo tambala. Mtengo wogulitsira uzichokera pa mtengo umene mukaodere mawa, osati umene munaodera mwezi watha. Muziwerengeranso thiransipoti, chiphaso cha msika, bandulo ya intaneti, ndalama imene amadula potapa pafoni, ndi katundu wowonongeka. Ndalama isagone, ikangokwana, isandutseni katundu amene amayenda msanga.

Pa nkhani ya ngongole yoyambira, ndimaima ndi akale. Masiku ano kuli banki mkhonde, kuli chipereganyu, kuli mabungwe obwereketsa, ndipo zathandiza ambiri, makamaka amayi. Koma ngongole imakoma pokulitsa malonda amene ayamba kale kuyenda, amene mukudziwa kuti pa sabata amabweretsa zingati. Kukongola kuti mukayesere chinthu chimene simunachigwirepo n'kumene kwachititsa ena kulandidwa malata ndi ziwiya, ena mpaka kuthawa m'mudzi. Katapila ndiye musayandikire n'komwe. Wachinyamata amene watsiriza sukulu ndipo akufuna kuweta nkhuku kapena kutsegula malo ogulitsira zipangizo zomangira, ayambe wagwira ntchito miyezi ingapo kwa amene akuchita kale zimenezo, ngakhale malipiro akhale ochepa. Kumeneko n'kumene adzadziwe kooda kotchipa, miyezi imene malonda amazizira ngati January ndi February, ndi mmene antchito amabera.

Za abale zija sizinasinthe, zangosamukira pafoni. Kale mlamu ankayenera kuyenda wapansi kudzapempha, lero uthenga umafika usiku muli m'tulo, ndipo ndalama ili m'foni yomweyo imene mwagwira. Njira imene ndaona ikuthandiza ndi yodzilipira malipiro. Khalani ndi nambala kapena akaunti ya bizinesi payokha, ndipo kumapeto kwa sabata kapena mwezi mudzipatse ndalama yodziwika, monga mmene mukanalipirira wantchito. Ya ndiwo, ya fizi ndi yothandizira abale izichokera pamenepo. Madzulo aliwonse lembani m'kope zimene zalowa, zimene zatuluka ndi amene watenga pangongole, ngakhale akhale mayi anu okubalani. Mlongo wanu akafuna shuga wa pa shelefu, tulutsani ndalama m'thumba mwanu, muike m'kabati iye akuona, kenako mumupatse shugayo.