Timizere ta pa chitseko

Galimoto yanga, Toyota Vitz yakuda, inachoka ku Japan, n'kutsikira pa doko la Dar es Salaam, n'kudzalowa pa Songwe ilibe chipsera ngakhale chimodzi. Mtunda wonsewo penti inapirira. Amene anaiwononga ndine ndemwe, pakhomo panga ku Area 25, ngongole yake ndisanamalize n'komwe.

Munali mu Okutobala, fumbi lili koboo. Pothamangira ku ukwati, ndinatenga malaya akale n'kupukuta chitseko chili chouma. Dzuwa litawomba, ndinaona timizere tozungulirazungulira ngati ukonde wa kangaude. Fumbi ndi mchenga ndithu, ukalikhula ndi nsalu limakala penti.

Masiku ano ndimatsuka m'mamawa chitsulo chisanatenthe, chifukwa padzuwa thovu limaumira pomwepo n'kusiya mathothomathotho. Ndimayamba ndathira madzi okhaokha kuti fumbi litsike lokha. Zidebe zimakhala ziwiri, china cha sopo wa galimoto, china chotsukuluzira nsalu. Sopo waufa wochapira zovala ndinamuletsa, amachotsa polishi. Ndimayambira padenga, matayala kumapeto, ndipo ali ndi chisanza chawochawo. Nsalu ikangogwa pansi, basi, ikachapidwe kaye. Zitosi za mbalame za mumtengo wa mango sizigonapo. Ndimazinyowetsa mpaka zifewe, osazikanda.

Loweruka lapitali mwana wanga wa zaka 7 anatulukira ndi siponji yokwechera mapoto, akumwetulira.

"Adadi, ndikuthandizeni?"

Ndinatsala pang'ono kumukalipira. Koma nditayang'ana chitseko chija, ndinamulanda siponjiyo mwakachetechete, n'kumupatsa kapu ndi chidebe cha madzi oyera.

"Yamba wathira apa, fumbi litsike."